Aneni a Mfumu Ndanenakale

Dziko la Chitanipompo lili kuseri kwa mapiri a Musandifunse. Pa mapu silioneka, chifukwa munthu amene anatumidwa kukalijambula anapatsidwa galimoto yopanda mafuta. Pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Ndanenakale Wachiwiri, munthu wa thupi lake ndi mawu a bingu, amene sankanena chinthu kawiri pokhapokha akaiwala kuti wachinena kale.

Mavuto anayamba chaka chimene Mfumu inapita kunja ku msonkhano wa mafumu. Anzake kumeneko anayankhula Chingerezi cha minga, choti womasulira ankayamba wamwa madzi asanachigwire. Itakwana nthawi yake, Mfumu Ndanenakale inaimirira n'kutulutsa zimene inali nazo: go, come, give, eat. Kutacha, nyuzipepala ya kumeneko inalemba kuti mwa mafumu onse, ya ku Chitanipompo yokha ndiyo inanena zomveka kwa aliyense.

Mfumu inabwerera kwawo itatupa ngati finye.

"Zomveka kwa aliyense!" inakalipa, ikumenyetsa nyuzipepalayo pa tebulo. "Ine kumveka ngati wogulitsa nthochi? Mfumu ya ku Bwerezani inayankhula mpaka anthu miyendo kuchita dzanzi, palibe anatolapo kanthu, koma onse anaimirira kuiombera m'manja."

"Akunyozani, Mwini dziko," anatero a Vomerezani, Nduna Yaikulu, amene anafika pa udindowo chifukwa cha khosi lofewa.

"Ndikufuna aneni a Chingerezi. Akuluakulu, olemera, oti ndikatchula mmodzi munthu azigwira mpando."

Tsiku lomwelo galimoto ya boma inatsika phiri la Indebwana, pamene pali nyumba yachifumu, n'kukatenga a Zakeyu Mtambalika, mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ya Tilipobe. A Mtambalika anali munthu wowonda, waulemu, wovala tayi ngakhale popita kuchigayo. Mkazi wawo, Nangondo, ankagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Tilipobe, ndipo atamva za ntchito yatsopanoyo sanalulutire.

"Pafupi ndi moto mpofunda, bambo a Sakina," anatero, "koma nsidze zimapsa."

"Nangondo, ine ndikukaphunzitsa galamala basi. Galamala inapha ndani?"

Buku lophunzirira Mfumu inali italigula kale pa bwalo la ndege: lofiira, lonenepa, aneni atandandalikidwa kuyambira pa A mpaka pa Z. Kalasi inali m'chipinda cha misonkhano, nduna zonse zitakhala m'mbali kuti ziziomba m'manja.

"Mneni, Mwini dziko, ndi mawu osonyeza ntchito," anayamba a Mtambalika. "Azungu amati ndi mawu ochita."

"Nanga ife bwanji timati mneni, ngati kuti ntchito yake ndi kunena?"

A Mtambalika yankho anali nalo. Anayang'ana nduna zimene zinakhala m'mbali zija, n'kulimeza.

Mneni woyamba anali abolish, kuthetsa chinthu kuti chisakhaleponso. Mfumu inamutchula bwinobwino, nduna zinaomba m'manja. Kutacha inali itamuiwala.

"Bukuli lili bwino, aphunzitsi, koma kaphunzitsidwe kanu nkolakwika," inatero Mfumu. "Ine za pa bolodi mutu wanga sugwira. Ndimaphunzira ndi manja. Galimoto ndinaidziwa nditagwetsa geti. Kuyambira lero mneni aliyense tizimuchita. Sitidumpha mneni, ndipo sitipita pa wotsatira tisanamalize amene tili naye. Lembani, likhale lamulo."

"Nzeru zakuya," anatero a Vomerezani, akulemba.

"Tsono tithetse chiyani?" Mfumu inayang'ana uku ndi uku. Linali Lolemba, ndipo mutu unkaiwawa ndi zimene inamwa Lamulungu. "Lolemba. I abolish Lolemba."

Ku Tilipobe nkhaniyi inalandiridwa ndi nthungululu. Ana a sukulu anafuna kunyamula a Mtambalika m'mwamba. Wakabaza wina, dzina lake Chikwanje, anaimitsa njinga pamaso pa wotolera msonkho n'kumuuza mofatsa kuti, "Achimwene, ine ndinabadwa Lolemba. Malinga ndi boma, sindinabadwe. Ndiye msonkhowu mukuufuna kwa ndani?"

Kenako kunabwera allocate, kugawira. Ameneyu nduna zinamugwira msanga kuposa Mfumu. Pofika madzulo nkhalango ya boma, dambo la msipu ndi theka la bwalo la mpira zinali ndi eni ake, moti timu ya Tilipobe inayamba kusewera ndi golo imodzi. Pa commemorate, kukumbukira, ana a sukulu anaimikidwa padzuwa kukumbukira kuthetsedwa kwa Lolemba. Mwambowo unachitika Lolemba, tsiku limene kulibe, choncho wailesi ya boma inalengeza kuti palibe mwana amene anakomoka.

Zinthu zinasintha fungo pa confiscate, kulanda mwa lamulo. Apa a Mtambalika, pokhala mphunzitsi weniweni, anakumbutsa Mfumu kuti mneni sadziwika bwino popanda nthawi zake: yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo. Mfumu inakondwa n'kuitana mkulu wa apolisi, a Gwiragwira. Apolisi anatsikira kumsika n'kulanda masikelo. Kutacha anabweranso kudzalanda njinga za kabaza, ndipo amene anafunsa za masikelo anauzidwa kuti amenewo tsopano ali mu nthawi yakale. Atafika pa benchi la Nangondo, wapolisi anavula chipewa mwaulemu.

"Mayi, mabeseni anuwa ali mu nthawi yam'tsogolo. Tibwera mawa. Muwatsuke."

Sabata yotsatira kunali demolish, kugumula.

"I demolish," anatsogolera a Mtambalika, akuloza pa bolodi. "You demolish. They demolish."

"Imani pomwepo," inatero Mfumu. "They ndi ndani?"

"Anthu ena alionse, Mwini dziko. Ndi galamala chabe."

"A Gwiragwira, muwafufuze anthu amenewa. M'dziko muno wodimolisha ndine ndekha."

Chigalimoto chogumula chinatsika phiri chikufuka utsi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mashedi a msika anali mulu wa malata ndi mitengo. Anthu a ku Tilipobe, amene Chingerezi ankachiphunzira kuchokera kunsi kwake, anayamba kupatsana moni watsopano.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Tadimolishidwa bwino, kaya inu?"

Masana a tsikulo a Mtambalika anapeza mkazi wawo atakhala pakhonde, tomato ataunjikidwa pa chitenje. Sanadzuke kuwalandira chikwama.

"Aphunzitsi," anatero Nangondo. Dzina limeneli ankalitchula pokhapokha zinthu zikavuta. "Khalani apa. Tsegulani bukulo mundiwerengere zimene zikubwera, ndidziwe ngati ndipikule tomato wa sabata yamawa kapena ndigule nsalu yakuda."

A Mtambalika anatulutsa buku, limene ankabwera nalo kunyumba pokonzekera phunziro. "Pali detain, kutsekera munthu. Pali evaluate. Pali evict, kutulutsa anthu m'nyumba zawo. Kenako pali..." Anatseka bukulo.

"Pali chiyani?"

"Execute."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ameneyu ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi kugwira ntchito imene munakonza. Lachiwiri ndi kunyonga munthu."

"Pa awiriwo, mukuona ngati wophunzira wanu akonda liti?"

A Mtambalika anamasula tayi, chinthu chimene Nangondo anali asanachionepo dzuwa lili kunja.

Pa detain Mfumu sinafune kuvutika ndi kutsika phiri. Inayang'ana amene anali pafupi, ndipo anali wojambula zithunzi wa kunyumba yachifumu, amene anasendera kuti ajambule bwino kumwetulira kwa Mfumu. Anamutenga kamera ili m'khosi. Nduna zinaomba m'manja, koma iliyonse inaona kuti phunziro la tsikulo linali lotani. Mipando inayamba kusunthira kukhoma. Kenako kunagwa maliro ambiri m'mabanja a nduna. Nduna ya Zaulimi inapita kukaika agogo ake aakazi, omwe aja inawaika chaka chatha. Posakhalitsa m'kalasi munatsala Mfumu, mphunzitsi ndi a Vomerezani, amene anakhala pafupi ndi chitseko, nsapato zitamangidwa zolimba.

Mfumu inali itayamba kusuzumira masamba a kutsogolo.

"Aphunzitsi, uyu wa X pakatiyu ndamukonda. Akuoneka wamphamvu. Timufika liti?"

"Posachedwa, Mwini dziko."

"Tifulumire. Ndipo tsiku limenelo mudzakhale pafupi kwambiri, kuti mudzandikonze ndikalakwitsa."

A Mtambalika anatsika phiri mwaliwiro. Atafika kunyumba anatulutsa sutikesi pansi pa bedi n'kuyamba kupindamo matayi. Anati apita kwa amalume awo kuseri kwa mapiri, akaphunzitse ana a sukulu ya mkaka, kumene mneni woopsa kwambiri ndi jump.

Nangondo anakhala pa sutikesiyo.

"Mukathawa atenga mphunzitsi wina, ndipo ameneyo mkazi wake sagulitsa pamsika. Mwatilowetsa ndinu, mutitulutsa ndinu. Kodi m'Chingerezi chonsechi mulibe mneni woti munthu akamamuchita thukuta lizituluka koma kanthu osachitika? Kale boma lathu linali nawo ambiri. Mlatho wa pa mtsinje wa Sindinamve wakhala m'kamwa mwa nduna chibadwire Sakina, ndipo sunavulazepo munthu."

A Mtambalika anatenga buku lija, n'kutsegula pamene anasiyira, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono. Chinaima.

"Evaluate," ananong'ona. "Nangondo, tadzukani pa sutikesipo. Ndikufuna tayi yofiira."

M'mawa anakumana ndi a Vomerezani pa geti. Nduna Yaikulu inali itaonda, ikusisita khosi ngati munthu wotsanzikana ndi mnzake.

"Aphunzitsi, khosi ili landitumikira zaka zambiri," anatero a Vomerezani motsitsa mawu. "Palibe chimene mungachite?"

"Chilipo, bwana. Lero ndikanena chinthu, inu muvomereze."

"Imeneyo ndiye ntchito yanga."

M'kalasi a Mtambalika analemba mneniyo ndi zilembo zikuluzikulu. "Evaluate, Mwini dziko, ndi kuunika chinthu mofatsa, mbali zonse, musananene ngati chili bwino kapena ayi."

"Chabwino. Ndaunika. Chili bwino. Tipite pa wotsatira."

"Pepani, Mwini dziko, ameneyu sachitidwa ndi munthu mmodzi. Amafuna komiti."

"Komiti!" analumpha a Vomerezani, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene waona kwawo. "Ndipo komiti, Mwini dziko, imafuna kakomiti kokonza zimene komiti ikakambirane."

"Iunika chiyani komitiyo?"

"Aneni onse amene mwachita kale," anayankha a Mtambalika, "kuti mibadwo idzadziwe kukula kwake. Ikatha ilemba lipoti. Lipotilo likafika m'manja mwanu, mneni watha."

"Zimatenga nthawi yotalika bwanji?"

"Mafumu akunja, ena anayamba ali anyamata, ndipo pano ali ndi imvi adakali pomwepo."

Mfumu inayang'ana tsamba la kutsogolo lija mwa chisoni, ngati mwana woyang'ana switi m'botolo la m'golosale. "Bwanji tingomudumpha ameneyu?"

"Lamulo ndi lanu lomwe, Mwini dziko," anatero a Vomerezani, akuwerama. "Sitidumpha mneni. Ndipo dziko lonse likudziwa kuti inu mukanena mwanena."

Mfumu inatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Dzina lake lomwe linali litaikhalira pakhosi.

"Ikhale komiti yaikulu kuposa ya ku Bwerezani," inatero pomaliza.

Maliro m'mabanja a nduna anatha tsiku lomwelo. Agogo a Nduna ya Zaulimi anaoneka akupalira m'munda. Komiti inakakhala ku hotela ya Mpumulo, kumene kunali tiyi wam'mawa, nkhuku masana, tiyi wina madzulo, ndi alawansi ya wokhala pampando aliyense. Dzinja loyamba linatha akukambirana ngati tebulo likhale lozungulira kapena lamakona. Wojambula zithunzi uja anatulutsidwa, chifukwa komiti yosajambulidwa siidziwika kuti yakumana. Apolisi onse anatumizidwa kukalondera hotela.

Ku Tilipobe anthu anatola malata awo n'kuwawongola ndi miyala. Mashedi anaimanso, opendekeka pang'ono koma oima. Masikelo anabwerera imodziimodzi, akugulitsidwa ndi akazi a apolisi pa mtengo wachibale. Chikwanje anapeza njinga yake itapakidwa utoto wa boma, ndipo anati tsopano ikuyenda pang'onopang'ono koma mwaulemu. Akuluakulu a pamsika ankati chibadwire sanaone boma labwino chotere: linali kutali, lotanganidwa, ndiponso lokhuta.

Zikanathera pomwepo, koma a Mtambalika anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti.

Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuza ana kuti chiganizo chimathera pa mpumiro sangakhale pafupi ndi pepala losatha mtima uli m'malo. Nduna zikamawodzera itatha nkhuku ya masana, a Mtambalika ankalemba. Poyamba ankati akungokonza mawu a pamutu pa lipoti. Kenako anaona kuti mutu woyamba ukufuna wachiwiri, ndipo wachiwiri unabala wachitatu. Anaikamo aneni onse okoma amene Mfumu inali isanawafike: scrutinize, substantiate, reiterate. Usiku ankawalota. Anayamba kuyenda ngati munthu wonyamula mazira.

Loweruka lina m'mawa anafika kunyumba atakumbatira chimtolo cha mapepala, nkhope ili ngwee.

"Nangondo, ndamaliza! Lipoti lonse. Mulibe cholakwika ngakhale cha kadontho. Ndatumiza kale uthenga kuphiri kuti Lachiwiri ndikalipereka."

Nangondo anasiya kusankha tomato. "Likafika m'manja mwa Mfumu, chotsatira n'chiyani?"

"Tipita pa mneni wotsa..."

"Bambo a Sakina, mutu wanuwu uli ndi nzeru zambiri. N'chifukwa chake ndikufuna ukhalebe pamene ulipo."

"Koma ntchito yake, Nangondo! Taonani ndime iyi yokha mmene yakhalira."

Nangondo anatenga tsamba limodzi, n'kulipinda pakati pa zala, n'kuliyang'ana padzuwa. "Ndaiona. Pepala lake ndi labwino kwambiri. Kasambeni, madzi ali kubafa."

Potuluka kubafa, chimtolo panalibe. Nangondo nayenso panalibe. A Mtambalika anathamangira kumsika tayi ili kumsana, koma anachedwa. Mutu woyamba unali kwa amayi a mandazi. Wachiwiri unali pa chiwaya, ukukulunga tchipisi. Mutu wa demolish, umene anaulemba misozi ili m'maso, anauona ukuchoka ndi mnyamata wa minibasi, m'kati muli kanyenya. Masamba ena a kumapeto anali atapindidwa timaphukusi ta mtedza.

"Aphunzitsi!" anafuula Chikwanje ali pa njinga, akugwedeza pepala lonyezimira mafuta. "Tsamba ili mwalemba bwino zedi. Lanyamula mandazi onse osang'ambika."

A Mtambalika anakhala pa benchi la mkazi wawo. Nangondo anawagulira zitumbuwa zotentha, n'kuwapatsa zili m'tsamba lomaliza, pamene panali dzina lawo. Anawerenga chiganizo chotsiriza, anaona kuti chinalidi chabwino, anapukuta m'maso, n'kuyamba kudya.

Lachiwiri chipinda cha misonkhano chinadzaza. Mfumu inakhala itatsegula kale buku lofiira pa tsamba lake lokondedwa. A Gwiragwira anaima pambali pake atapukuta nsapato. Nduna zimene zinamva kuti lipoti latha zinali zitakhala chete, iliyonse ikuganiza wachibale amene angamwalire mwamsanga.

"Aphunzitsi, lipoti langa."

A Mtambalika anaimirira chimanjamanja.

"Lipoti latha, Mwini dziko. Koma tinaona kuti lipoti lalikulu chotere silingafike kwa Mfumu anthu ake asanalilawe. Ndiye taligawa m'dziko, tsamba lililonse kwa munthu wake. Azungu amati disseminate."

"Ameneyo m'buku langa mulibe."

"Ndi wapamwamba kuposa bukulo, Mwini dziko. Ndinakusungirani."

"Disseminate," inatero Mfumu, ikumulawa pakamwa. "Dis-se-mi-nate. Ndi wamtali bwino. Tsono lipotilo lifika liti m'manja mwanga?"

Apa a Vomerezani anadzuka, khosi litapezanso mphamvu. "Komiti iyenera kuyenda dziko lonse, Mwini dziko, mudzi ndi mudzi, kutolera masambawo pamodzi ndi maganizo a anthu. Ikatolera, iwaunike."

Nduna zinaomba m'manja, ndipo tsiku limeneli zinaomba ndi mtima wonse. A Gwiragwira okha ndi amene anayang'ana nsapato zawo ngati apukuta pachabe.

Mfumu inatseka buku pang'onopang'ono. Inali yokhumudwa, koma chidwi chinaigwira.

"Nanga anthu anga alilandira bwanji lipotilo?"

A Mtambalika, amene chibadwire sanathe kunama bwino, ananena zoona.

"Ndi manja awiri, Mwini dziko. Ena mpaka kunyambita zala. Akuti aka n'koyamba kuti pepala la boma lifike kwa iwo m'kati muli chakudya."

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira, n'kutsamira kumpando.

"Mwaona, a Vomerezani? Anthu anga amakonda Chingerezi. Aphunzitsi, mulembe lina. Lalitali."